"Yesu ndimamukonda, koma tchalitchi ndatopa nacho": mawu amenewa akutanthauzanji?

Munthu amene anakulira m'tchalitchi, wodziwa nyimbo ndi mavesi pamtima, akanena kuti watopa ndi Chikhristu cha masiku ano, omumva amagawikana. Ena amati wabwerera m'mbuyo basi. Ena amamuyamika kuti wanena zimene iwo akhala akubisa mumtima. Mwiniwakeyo mukamufunsa ngati wasiya Mulungu, kawirikawiri amakana kwamtuwagalu.

Chisokonezochi chimabwera chifukwa mawu amodzi oti "Chikhristu" timawasenzetsa zinthu zitatu. Choyamba ndi chikhulupiriro mwa Yesu Khristu. Chachiwiri ndi mpingo, kutanthauza anthu osonkhana pamodzi ndi atsogoleri awo. Chachitatu ndi chikhalidwe chimene chamera mozungulira ziwirizi: kalankhulidwe, kavalidwe, nyimbo zogulitsa, maina aulemu, ndale ndi ndalama. Amene akuti wakhumudwa angakhale kuti wakhumudwa ndi chimodzi chokha mwa zitatuzi, ndipo nthawi zina iye mwini sanasiyanitse kuti n'chiti.

Manambala akutiuza zotani

Ku America, bungwe la kafukufuku la Pew linapeza kuti mu 2007 akuluakulu 78 pa 100 aliwonse ankadzitcha Akhristu. Pofika 2023 ndi 2024 anali 62, ndipo amene amati alibe chipembedzo anachoka pa 16 kufika pa 29. Kalembera wa mu 2021 ku England ndi Wales anasonyeza kuti, kwa nthawi yoyamba, odzitcha Akhristu sanakwane theka la anthu onse: anali 46.2 pa 100, kuchoka pa 59.3 mu 2011. Ku Germany, komwe membala wa mpingo amadulidwa msonkho wa tchalitchi kudzera ku boma, Akatolika oposa 520,000 anakalembetsa kuti atuluka mu 2022 mokha.

Komatu kwina zinthu zikuyenda mosiyana. Mu 2020, mwa Akhristu pafupifupi 2.3 biliyoni a padziko lonse, 31 pa 100 aliwonse anali ku Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara, kuposa ku Ulaya komwe kunali 22. Choncho kukhumudwa kuli ndi nkhope ziwiri. Kumene matchalitchi akuchepa anthu, wokhumudwa amatuluka n'kuwerengedwa. Kumene akusefukira, wokhumudwa amangosintha mpingo, kapena amakhalabe pabenchi lomwelo mtima uli kutali. Munthu wotereyu palibe kalembera amene amamuona.

Chikhalidwe cha Chikhristu: pamene aliyense ali Mkhristu

Chikhalidwe cha Chikhristu ndi pamene kukhala Mkhristu kwasanduka chinthu cha masiku onse, chimene munthu amabadwiramo, chomupatsa ulemu ndi mwayi pakati pa anzake, kaya amakhulupirira kapena ayi.

Sizinayambe choncho. Kwa zaka pafupifupi 300, otsatira Yesu mu ufumu wa Roma anali kagulu kokayikiridwa, ndipo nthawi zina ankaphedwa. Mu 313 mfumu Constantine inaloleza Chikhristu, mu 321 inalamula kuti Lamlungu likhale tsiku lopuma, ndipo mu 380 mfumu Theodosius inachipanga chipembedzo cha boma. M'zaka zosakwana 70, ubatizo umene unkaika moyo wa munthu pachiswe unasanduka khomo lopezera udindo. Anthu anakhamukira m'matchalitchi, ena ndi mtima wonse, ena chifukwa mphepo inali itatembenuka.

Okhumudwa anayambira pomwepo. Amuna ndi akazi ambiri a m'zaka za m'ma 300 anathawira kuchipululu cha Egypt, kutsatira chitsanzo cha Antony, amene anagulitsa chuma chake atamva mawu a pa Mateyu 19:21 akuwerengedwa, ndipo anamwalira mu 356. Francis wa ku Assisi, mwana wa wamalonda wolemera wa nsalu, anakana cholowa cha bambo ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Ku Denmark, komwe abusa a mpingo wa Lutheran anali ngati antchito a boma, Søren Kierkegaard anathera miyezi yomaliza ya moyo wake, mu 1854 ndi 1855, akulemba kuti m'dziko limene aliyense amatengedwa kuti ndi Mkhristu chifukwa chobadwiramo, Chikhristu cha m'Chipangano Chatsopano sichipezeka.

Tingayerekeze ndi yunifolomu ya timu ya mpira. Timu ikamangogonja, amavala okhawo amene amaikondadi. Ikayamba kutenga zikho, aliyense amaigula, ndipo pabwalo simungadziwe amene adzatsale ikadzagonjanso. Chilungamo chake, chikhalidwechi chinabalanso zabwino: sukulu, zipatala ndi malamulo oteteza ofooka. Otsutsana amasiyana pa funso lakuti zimene zinapindulidwa zikuposa zimene zinatayika kapena ayi.

Uthenga wa chuma

Apa ndi pamene madandaulo ambiri a masiku ano amaunjikana. Uthenga wa chuma ndi chiphunzitso chakuti Mulungu amafuna kuti wokhulupirira aliyense akhale wathanzi ndi wolemera pa moyo uno, ndipo njira yake ndi chikhulupiriro, kulankhula mawu achipambano, ndi kupereka. Chopereka chimatchedwa mbewu: ukafesa, uyembekezere kukolola zochuluka. Mavesi okondedwa ndi 3 Yohane 2, Malaki 3:10 ndi Luka 6:38.

Chiphunzitsochi chinakula ku America itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Oral Roberts ndiye anatchukitsa nkhani ya mbewu ya chikhulupiriro, ndipo Kenneth Hagin, amene anatsegula sukulu ya Baibulo mu 1974 m'dera la Tulsa, anaphunzitsa za mphamvu ya mawu, potengera zambiri kwa mlaliki wina wakale, E. W. Kenyon. Wailesi ndi kanema zinaufalitsa. Ku Nigeria, Benson Idahosa wa ku Benin City anakhala mmodzi mwa oufalitsa otchuka kwambiri.

Oukonda ali ndi mfundo zimene sitiyenera kuzinyoza. Amati umphawi si chiyero, Yesu anachiritsa matupi ndi kudyetsa anjala, ndipo munthu amene wauzidwa moyo wake wonse kuti angopirira podikira kumwamba amafunika kumva kuti Mulungu amasamala za lero. Ena amachitira umboni kuti uthengawu unawasiyitsa mowa, n'kuwaphunzitsa kugwira ntchito ndi kusunga ndalama.

Otsutsa amafunsa za Yobu, za munga m'thupi la Paulo umene sunachoke ngakhale anapemphera katatu, ndi za chenjezo la pa 1 Timoteo 6 lokhudza anthu oyesa chipembedzo ngati njira yopezera phindu. Chimene chimawapweteka kwambiri n'chakuti chiphunzitsochi sichingalephere pamaso pa ochiphunzitsa. Wofesa akalemera, ulemu umapita kwa mlaliki. Akapanda kulemera, amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena anafesa pang'ono. Zili ngati sitolo imene katundu akaonongeka amati wolakwa ndi wogula, nthawi zonse. Mayi amene anapereka ndalama ya mankhwala a mwana, mwanayo n'kumwalirabe, amachoka ndi maliro awiri: a mwana ndi a chikhulupiriro chake.

Mkanganowu si wachilendo. Machitidwe 8 amasimba za Simoni wa ku Samariya amene anafuna kugula mphatso ya Mzimu Woyera ndi ndalama, Petro n'kumudzudzula koopsa. Mu 1517 Martin Luther anayambitsa mkangano wake potsutsa alaliki ngati Johann Tetzel amene ankagulitsa zikalata zofafaniza chilango cha machimo, ndipo mu 1567 Papa Pius V analetsa kulumikiza zikalata zotere ndi ndalama. Ngakhale Hagin, m'buku la mu 2000, anadzudzula alaliki amene anapyola muyeso pa nkhani ya zopereka. Mu 2010, msonkhano waukulu wa Lausanne Movement, gulu la padziko lonse lofalitsa uthenga wabwino, umene unachitikira ku Cape Town, unakana chiphunzitso chakuti madalitso a Mulungu angagulidwe.

Mtsogoleri wosafunsidwa

Pali vesi limene ambiri okhumudwa analimva pa nthawi imene ankafuna kudandaula: Salimo 105:15, lonena za kusakhudza odzozedwa a Mulungu. Mu salimolo mawuwa akukamba za Abrahamu ndi mbumba yake pamene anali alendo ochepa pakati pa mafumu amphamvu. Amateteza ofooka kwa amphamvu. Akatembenuzidwa kuti ateteze mtsogoleri kwa nkhosa zake, pamabadwa chimene tikuchitcha utsogoleri wosafunsidwa: munthu wa Mulungu amene palibe angaone mabuku ake a ndalama, kapena kumufunsa za khalidwe lake.

Zotsatira zake zalembedwa, ndipo palibe mpingo umene ungaloze unzake chala. Mu 2002 nyuzipepala ya Boston Globe inaulula mmene ansembe ogwiririra ana ankangosamutsidwira kuparishi ina. Ku France, komiti yoima payokha inanena mu 2021 kuti ana pafupifupi 216,000 anachitidwa nkhanza zotere ndi ansembe ndi ena odzipereka ku utumiki kuyambira 1950. Mu 2022 lipoti linasonyeza kuti akuluakulu ena a Southern Baptist Convention, mgwirizano wa mipingo ya Baptist ku America, ankanyalanyaza odandaula za nkhanza zogonana kwa zaka zambiri. Mu 2023, m'nkhalango ya Shakahola ku Kenya munafukulidwa mitembo yoposa 400 ya anthu a gulu limene linkauzidwa kusala kudya mpaka kufa kuti akakumane ndi Yesu. Opulumuka ku nkhanza ambiri amanena chinthu chimodzi: chimene chinawathyola mtima si tchimo la munthu mmodziyo lokha, koma kuona mpingo ukuteteza dzina lake m'malo moteteza iwo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi mtsogoleri akagwa, zimene anaphunzitsa ndi ubatizo umene anachita zimagwa naye? Funsoli linagawa mpingo wa kumpoto kwa Africa kwa zaka zoposa 100. Pa chizunzo cha mfumu Diocletian, chimene chinayamba mu 303, atsogoleri ena anapereka mabuku opatulika kuti atenthedwe pofuna kupulumutsa moyo wawo. Chizunzo chitatha, gulu limene linadzatchedwa ndi dzina la bishopu Donatus linati anthu otere sangatumikirenso, ndipo masakramenti awo ndi opanda pake. Augustine wa ku Hippo anayankha kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, ndipo mpingo uli ngati munda wa pa Mateyu 13, momwe tirigu ndi namsongole zimakulira limodzi mpaka nthawi yokolola. Kalata siisintha uthenga chifukwa woibweretsa ndi wakuba. Maganizo a Augustine ndi amene mipingo yambiri inatsatira. Koma tisaiwale kuti Augustine yemweyo anavomera kuti boma likakamize otsatira Donatus kubwerera mu mpingo waukulu, ndipo fanizo la namsongole lagwiritsidwapo ntchito molakwika ngati chifukwa chosachotsera wolakwa paudindo. Paulo, pa 1 Timoteo 5:19-20, amalola kuti mkulu wa mpingo aimbidwe mlandu pakakhala mboni ziwiri kapena zitatu, ndi kudzudzulidwa poyera.

Mtanda ndi mbendera

Ena amakhumudwa poona chikhulupiriro chikusanduka chida cha chipani kapena cha fuko. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo ku America, analemba mu 1845 kuti Chikhristu cha Khristu ndi Chikhristu cha eni akapolo n'zosiyana kutalitali. Mpingo wa Dutch Reformed ku South Africa unaikira kumbuyo tsankho ndi mavesi, pamene Akhristu ena, monga Desmond Tutu ndi Beyers Naudé, analitsutsa ndi Baibulo lomwelo. Ku Rwanda mu 1994, m'dziko limene ambiri anali obatizidwa, anthu anaphedwera m'matchalitchi momwe anathawira, monga ku Nyamata ndi Ntarama. Palibe amene wapeza malire ovomerezeka ndi onse. Mpingo ukakhala chete amati ndi wamantha, ukalankhula amati walowa ndale, ndipo nthawi zambiri munthu amaona kuti walowa ndale pokhapokha ukatsutsa mbali yake.

Kuphwasula chikhulupiriro

M'maiko olankhula Chingerezi mwatchuka mawu oti deconstruction. Anachokera kwa katswiri wa nzeru zakuya wa ku France, Jacques Derrida, m'zaka za m'ma 1960, koma Akhristu anawabwereka n'kuwapatsa tanthauzo losavuta: kutenga zimene unaphunzitsidwa, chimodzichimodzi, n'kufunsa kuti kodi ichi n'choona, chinachokera kwa Yesu kapena kwa anthu.

Zili ngati mwini nyumba amene waona chiswe padenga n'kuyamba kutsitsa mitengo kuti aone yodyeka. Wina amasintha mitengo ingapo n'kufoleranso. Wina amapeza kuti ndi maziko omwe anali ofooka, amamanga ina. Wina amatsala panja, osamanganso. Ndiye chifukwa chake abusa ena amawaopa mawuwa, poti aona anthu akuthera pa kusakhulupirira konse, pamene ena amati ndi njira imene chikhulupiriro cha ubwana chimakulira.

Kukayika pakokha Baibulo silikubisa. Salimo 88 limatha popanda mawu a chitonthozo. Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa Yesu ngati analidi woyembekezedwayo. Makalata a Mother Teresa amene anasindikizidwa mu 2007 anaonetsa kuti kwa zaka zambiri ankamva ngati Mulungu ali kutali, uku akutumikirabe osauka ku Kolkata.

Nanga kutsata Yesu n'kutani?

Dzina loti Mkhristu limapezeka katatu kokha m'Chipangano Chatsopano, ndipo Machitidwe 11:26 amati linayambira ku Antiokeya. Mawu oti wophunzira amapezeka koposa ka 250. Okhulupirira oyambawo ankatchedwanso anthu a Njira. Wophunzira wa nthawi imeneyo sanali wokhala pabenchi kulemba notsi. Ankayenda ndi mphunzitsi wake, kudya naye, kuonera mmene amayankhira adani ndi mmene amachitira ndi ndalama, kufikira atafanana naye. Ndi mmene munthu amaphunzirira ukalipentala: satifiketi siithandiza ngati mpando umene wakhoma ukugwedera.

Zimene Yesu anatchula ngati zizindikiro za wophunzira n'zosachititsa kaso. Pa Luka 9:23 akuti adzikane yekha ndi kusenza mtanda wake tsiku ndi tsiku. Pa Yohane 13:35 chizindikiro ndi kukondana. Pa Mateyu 25 mafunso a tsiku lachiweruzo ndi a wanjala, waludzu, mlendo, wamaliseche, wodwala ndi wam'ndende. Chodabwitsa kwambiri ndi Mateyu 7:21-23, pomwe anthu onenera, otulutsa ziwanda ndi ochita zozizwitsa m'dzina lake akuuzidwa kuti sanawadziwe. Zinthu zimene zimadzaza mabwalo masiku ano ndi zomwezo zimene ndimeyi ikuti pazokha si umboni. Aneneri anali atanena kale zofanana: pa Amosi 5 Mulungu akukana maphwando ndi nyimbo za anthu opondereza osauka, ndipo akufuna chilungamo chiyende ngati madzi.

Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa ku Germany amene anakana kuti mpingo ugonjere Hitler, anatchula vutoli mu 1937 kuti chisomo chotchipa: kulalikira chikhululukiro popanda kulapa, ubatizo popanda mwambo wa mpingo, chisomo chopanda mtanda. Ananyongedwa pa 9 April 1945 ku Flossenbürg. Anthu a mbali zonse amakonda kumutchula, mwina chifukwa n'kovuta kutsutsana ndi munthu amene analipira ndi moyo wake.

Komabe pali msampha mbali inayo. Wotopa ndi Chikhristu cha pakamwa angathe kugwera m'Chikhristu cha malamulo, choyeza aliyense ndi ntchito zake mpaka osatsala woyenera. Aefeso 2:8-9 amati chipulumutso ndi mphatso, osati malipiro a ntchito. Yakobo 2:17 amati chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Akatolika ndi Aprotestanti anakangana pa mavesi amenewa kwa zaka zoposa 400, ndipo mu 1999 ku Augsburg, Akatolika ndi a Lutheran anasainirana chikalata chovomereza kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, ndipo Mzimu Woyera amamukonzekeretsa kuchita ntchito zabwino. Si mipingo yonse imene inavomereza chikalatacho.

Pali chinthu china chimene wolemba uno akuona kuti okhumudwa amachiiwala. Mpingo woyamba umene amaulakalaka sunali wopanda banga. Ku Yerusalemu akazi amasiye olankhula Chigiriki ankasalidwa pogawa chakudya. Ku Korinto anthu ankagawikana potsatira alaliki, ankasumirana kumakhoti, ndipo ena ankaledzera pa Mgonero wa Ambuye anzawo ali ndi njala. Makalata ambiri a Paulo alipo chifukwa zinthu sizinkayenda bwino.

Mafunso amene sanayankhidwe

Kodi munthu angatsate Yesu popanda mpingo? Ena amati inde, poti tchalitchi si nyumba, ndipo awiri kapena atatu akwanira. Ena amaloza Ahebri 10:25 ndi malamulo ambiri a "wina ndi mnzake", n'kufunsa kuti ukhululukira ndani, upirira ndani, ngati uli wekha. Amakumbutsa kuti John Wesley, amene anayambitsa gulu la Methodist, kuyambira 1742 ankaika otsatira ake m'timagulu ta anthu pafupifupi 12 tokumana sabata iliyonse kuti azifunsana za moyo wawo. Koma kwa munthu amene anavulazidwira m'tchalitchi, kodi kumuuza kuti abwerere ndi mankhwala kapena ndi bala lina? Ndipo ayenera kudikira nthawi yaitali bwanji?

Funso lina ndi la amene ayenera kuyang'anira atsogoleri. Rwanda inatseka matchalitchi pafupifupi 700 ku Kigali mu 2018, ndipo inakhazikitsa lamulo lofuna kuti abusa akhale ndi maphunziro a zaumulungu. Ku South Africa, komiti ya boma yoona za ufulu wa zipembedzo inapempha mu 2017 kuti pakhale mabungwe olembetsa ndi kuyang'anira atsogoleri a mipingo, ndipo mipingo yambiri inakana. Ena amati boma likuteteza nzika. Ena amakumbukira Constantine ndi Theodosius, n'kufunsa kuti boma limene lapatsidwa mphamvu yotseka mneneri wonyenga lidzaletsedwa ndi ndani kutseka mneneri woona amene walidzudzula.

Lovuta kwambiri ndi ili: ndani angasiyanitse chikhulupiriro ndi chikhalidwe, poti aliyense amawerenga Baibulo ataima m'chikhalidwe chake? Wachinyamata amene akuti akutaya za anthu kuti atsale ndi Yesu yekha, kodi Yesu amene watsala nayeyo si wofanana kwambiri ndi maganizo a m'badwo wake? Ndipo mkulu amene akuti akuteteza chikhulupiriro cha makolo, adziwa bwanji ngati chimene akutetezacho ndi uthenga wabwino kapena mpando wake?